Kumanga Sikopu pa Mfuti Yosakira Nyama ndi Kuiika pa Ziro

Mawu oyamba

Mfuti yosakira nyama ikamangidwa galasi loonera patali, limene alenje amalitchula kuti sikopu, siyamba kulasa molunjika tsiku lomwelo, pakuti diso limayang'ana kudzera m'galasi pamene chipolopolo chimatulukira mu mpope umene uli m'munsi mwake, ndipo njira ziwirizi zimafunika kukumanitsidwa pa mtunda umene mlenje wasankha. Ntchito yokumanitsa njirazi ndiyo imatchedwa kuika mfuti pa ziro, kutanthauza kuti pa mtunda umenewo chipolopolo chizifikira ndendende pamene mtanda wa m'galasi waloza.

Alenje ambiri amakhumudwa pa ntchitoyi. Amapotokola chosunthira mtanda mpaka chitafika pamapeto, zipolopolo n'kumagwerabe pansi pa chandamale, ndipo amathamangira kunena kuti sikopuyo ndi yachinyengo kapena kuti mpope unapindika, pamene zipolopolo zodula zatha kale. Kabuku kano kakufotokoza kuti kawirikawiri vuto limakhala m'zitsulo zimene zagwira sikopu, chifukwa zopotokolera anazipangira kukonza zolakwika zazing'ono, ndipo cholakwika chachikulu chimakonzedwa pa maziko ndi pa mphete mfuti isanalire n'komwe. Akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike, ndipo mawuwa akugwira ntchito pa sikopu monga momwe amagwirira pa nkhani za m'mudzi.

Lamulo ndi chitetezo cha pabanja

Malangizo onse a m'kabukuka ndi a munthu amene ali ndi chiphaso cha mfuti komanso chilolezo chosakira nyama. Ku Malawi chiphaso cha mfuti chimaperekedwa kudzera ku polisi, ndipo ulenje umayendetsedwa ndi lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linaunikidwanso mu 2017 n'kukhwimitsa zilango mpaka zaka 30 za ukaidi kwa opha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere. Ku Zambia kuli lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015, ndipo ulenje wovomerezeka umachitikira m'madera opatulidwa monga Lupande, kumalire ndi nkhalango ya South Luangwa, pamene ku South Africa kusunga mfuti kumatsata Firearms Control Act ya 2000.

Asanagwire sikuluwu iliyonse, mwini mfuti ayenera kuchotsa zipolopolo zonse, kuyang'ana m'kati mwa mpope ndi maso ake, ndi kusolola mpiringidzo, chimene ndi chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope ndi kuchitsekera. Malo oyesera akhale ovomerezeka, ndipo kuseri kwa chandamale kukhale chulu chachikulu kapena mulu wa dothi lofewa, osati miyala kapena madzi, poti chipolopolo chikamenya zimenezi chimanjanja n'kulowera kosayembekezeka. Chipolopolo chaching'ono cha .22 chimatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi, ndipo cha .308 chimapyola makilomita 3, kotero njira za anthu, madimba ndi malo odyetsera ziweto siziyenera kukhala kuseri kwa chandamale ngakhale patali. Makutu atsekedwe powombera, ndipo pobwerera kunyumba mfuti ikhomeredwe m'bokosi lachitsulo, zipolopolo padera, kiyi kutali ndi ana.

M'kati mwa sikopu

Sikopu ndi paipi yokhala ndi galasi lalikulu kutsogolo ndi lina loyang'anira kumbuyo. Manambala olembedwa pa iyo, monga 3-9x40, amatanthauza kuti imakuza chithunzi kuyambira ka 3 mpaka ka 9, ndipo galasi lakutsogolo ndi lotambalala mamilimita 40. M'kati mwa paipi yaikuluyo muli kapaipi kena kakang'ono konyamula magalasi owongola chithunzi, ndipo kapaipi aka ndi kamene kamasuntha mlenje akapotokola. Chopotokolera cha pamwamba chimakakankhira m'mwamba kapena pansi, cha pambali chimakakankhira kumanja kapena kumanzere, ndipo kutsidya kwake kuli sipuling'i imene imakakanikiza kuti kasagwedere.

Popeza mapaipi onse awiri ndi obulungira, kapaipi ka m'kati kamakhala ngati munsi mu mtondo: munsi ukakhala pakati umatha kupendekera mbali iliyonse, koma ukatsamira kale khoma la kumanja, mpata wopitira kutsogolo kapena kumbuyo umachepa. Ndiye chifukwa chake sikopu imene yapotokoledwa kwambiri pambali imataya gawo la mpata wake wokwera ndi kutsika. Kuwonjezera apo, kapaipi kakafika m'mphepete, sipuling'i imakhala yofinyika mopitirira kapena yolefuka, chithunzi chimachita chimbuuzi m'mbali, ndipo ziro imayamba kusuntha yokha mfuti ikakankha. Sikopu imagwira bwino ntchito kapaipi kake kakakhala chapakati.

Njira ya diso ndi njira ya chipolopolo

Diso limaona mowongoka, koma chipolopolo chimayamba kugwa chikangotuluka mu mpope chifukwa cha mphamvu yokokera zinthu pansi, ndipo chimayambira ulendo wake masentimita pafupifupi 4 m'munsi mwa mzere wa diso, malinga ndi kutalika kwa mphete. Kuti ziwirizi zikumane, mpope uyenera kuloza m'mwamba pang'ono poyerekeza ndi sikopu.

Chitsanzo chabwino ndi chipolopolo cha .308 Winchester, chimene chinatuluka mu 1952 ndipo n'chofala pakati pa alenje a kum'mwera kwa Africa. Cholemera 150 grain, kapena kuti magalamu 9.7, chimachoka pa liwiro la mamita pafupifupi 860 pa sekondi, ndipo pofika pa mamita 100 chimakhala chitagwa masentimita pafupifupi 7. Kuphatikiza ndi masentimita 4 a kutalika kwa sikopu, zonse zimene chopotokolera chiyenera kukonza ndi masentimita 11 okha. Nambala imeneyi ndi yofunika kuisunga pamtima, pakuti ikusonyeza kuti sikopu yomangidwa bwino imafuna kupotokoledwa pang'ono chabe kuchoka pakati, ndipo ikafuna theka la mita kapena kuposerapo, chimenecho ndi chizindikiro chakuti zitsulo za pansi zili ndi mlandu.

Miyezo ya zopotokolera

Chopotokolera chikamazungulira chimalira pang'onopang'ono, ndipo kulira kumodzi kumatchedwa kiliki. Kukula kwa kiliki kumalembedwa pa chopotokoleracho, ndipo miyezo yake ilipo iwiri. Woyamba ndi MOA, gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri, limene limakwana mamilimita 29 pa mamita 100, kapena inchi imodzi ndi pang'ono pa mayadi 100. Masikopu ambiri a ku America ali ndi kiliki ya 1/4 MOA, imene imasuntha chipolopolo mamilimita 7.3 pa mamita 100. Muyezo wachiwiri ndi mil, umene umakwana masentimita 10 pa mamita 100, ndipo masikopu ambiri a ku Ulaya ali ndi kiliki ya 0.1 mil, kutanthauza sentimita imodzi pa mamita 100. Mil imodzi ndi yofanana ndi 3.4 MOA.

Miyezo iwiriyi ndi ya kupendekeka, osati ya utali, motero zotsatira zake zimakula ndi mtunda: kiliki yosuntha sentimita imodzi pa mamita 100 imasuntha masentimita 2 pa mamita 200, koma mamilimita 2.5 okha pa mamita 25. Ndi bwinonso kukumbukira kuti mayadi 100 ndi mamita 91.4, kotero amene wayeza bwalo lake m'mamita asawerengere ngati kuti ndi mayadi. Sikopu wamba ya 3-9x40 kawirikawiri imakhala ndi mpata wa 60 MOA kuchokera pansi kufika pamwamba, kutanthauza 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, ndipo masentimita 11 a chipolopolo cha .308 aja amangodyako pafupifupi 4 MOA.

Kugwirizanitsa sikopu, mphete ndi maziko

Sikopu imagwiridwa ndi mphete ziwiri, ndipo mphetezo zimakhala pa maziko, amene angakhale tizitsulo tiwiri tosiyana kapena kanjanji kamodzi komangidwa pamsana pa mfuti. Pali zinthu zinayi zoyenera kugwirizana.

Choyamba ndi kunenepa kwa paipi ya sikopu. Mapaipi ofala ndi a inchi imodzi, imene ndi mamilimita 25.4, a mamilimita 30 ndi a mamilimita 34, ndipo mphete iyenera kukhala ya muyezo womwewo. Kuzenenga tepi kapena mphira pa paipi ya inchi kuti ikwane mu mphete ya mamilimita 30 n'kudzinamiza, poti sikopuyo imatsetsereka mfuti ikangokankha kangapo.

Chachiwiri ndi mtundu wa maziko. Kanjanji ka Picatinny, kamene asilikali a ku America anakakhazikitsa mu 1995 ndipo dzina lake linachokera ku Picatinny Arsenal ku New Jersey, kali ndi mipata yopingasa yotambalala mamilimita 5.23, yotalikirana mofanana. Maziko a Weaver, amene ndi akale kuposa pamenepo, amaoneka chimodzimodzi koma mipata yake ndi ya mamilimita 4.57, kotero mphete za Weaver zimakhala pa Picatinny, pamene za Picatinny kawirikawiri sizilowa pa Weaver, ndipo zikakakamizidwa zimakhala mopendekeka. Mfuti zina zili ndi timizere togobedwa pamsana pake penipeni: za mpweya ndi za .22 za ku Ulaya ndi za mamilimita 11, za .22 za ku America ndi za 3/8 ya inchi, za Tikka T3 ndi za mamilimita 17, ndipo za CZ 550 ndi za mamilimita 19. Mphete ya mtundu wina ikamangidwa pa mzere wa mtundu wina imagwira ndi dzino limodzi, n'kukokera sikopu kumbali.

Chachitatu ndi msinkhu wa mphete. Mawu akuti zazifupi, zapakati ndi zazitali alibe muyezo umodzi pakati pa makampani, pakuti ena amayeza kufika pansi pa paipi pamene ena amayeza kufika pakati pake, ndiye mphete ziwiri zapakati zochokera kwa opanga osiyana zikhoza kusiyana ndi mamilimita angapo. Mphete zigulidwe ziwiri pamodzi, za kampani imodzi. Msinkhu woyenera ndi wotsikitsitsa umene ukusiya mpata wa mamilimita 2 kapena 3 pakati pa mutu wa sikopu ndi mpope, komanso kulola chogwirira cha mpiringidzo kudutsa osakhula galasi lakumbuyo, chifukwa sikopu yokwera kwambiri imachotsa tsaya la mlenje pa mtengo wa mfuti, mutu n'kumayandama.

Chachinayi, chimene chimasokoneza ambiri, ndi chakuti msana wa mfuti zambiri si wofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Pa Remington 700 ndi pa Mauser 98 mbali yakumbuyo ndi yotsika, kotero maziko akumbuyo amakhala ochindikala kuposa akutsogolo kuti pamwamba pake pafanane, ndipo maziko opangira mfuti ina sangakhale bwino pa inzake ngakhale mabowo a masikuluwu atagwirizana. Pa Ruger M77 kusiyanaku kunaikidwa m'mphete zenizeni, moti yakumbuyo ndi yaitali kuposa yakutsogolo, ndipo kuzisinthanitsa kumalozetsa sikopu kumwamba.

Kukula kwa milimita imodzi

Ngati mphete ziwiri zatalikirana mamilimita 100, cholakwika chilichonse cha msinkhu wake chimachulukitsidwa ka 1,000 pofika pa chandamale cha mamita 100. Kusiyana kwa 0.1 ya milimita, kumene ndi kuchindikala kwa khoma la chitini cha zakumwa zoziziritsa kukhosi, kumasuntha chipolopolo masentimita 10, ndipo kusiyana kwa milimita imodzi kumachisuntha mita yathunthu, imene ndi 34 MOA. Sikopu ya 60 MOA ija ili ndi 30 yokha mbali imodzi, kotero milimita imodzi, imene diso silingaione msanga pa tebulo, ndi yokwanira kumaliza chopotokolera chonse zipolopolo zisanafike pa mtanda.

Mbali imene cholakwikacho chili imadziwika ndi kumene zipolopolo zikugwera. Mphete yakutsogolo ikakwera, sikopu imaloza m'mwamba poyerekeza ndi mpope, mlenje amatsitsa mfuti kuti mtanda ufike pa chandamale, ndipo zipolopolo zimagwera pansi. Yakumbuyo ikakwera zimachitika mosemphana, zipolopolo zimapita pamwamba.

Mfundo yomweyi ndi imene anagwiritsa ntchito popanga tinjanji topendekeka, tolembedwa 20 MOA, timene n'tochindikala kumbuyo ndi theka la milimita ndi pang'ono pa mamilimita 100 aliwonse, ndipo timakweza chipolopolo masentimita 58 pa mamita 100. Tinjanji totere n'tothandiza owombera chandamale pa mamita 600 kapena kuposerapo, amene amafuna mpata wambiri wokweza, koma kwa mlenje wa nswala ndi mbawala, amene kawirikawiri sapyola mamita 200, kanjanji kosapendekeka n'kokwanira. Kanjanji ka 20 MOA kamakakamiza sikopu kutsika 16 MOA kuchoka pakati kuti ziro ya mamita 100 ipezeke, ndipo kakamangidwa chambuyo kamafuna 24 MOA yokwera, imene masikopu ena alibe.

Kumanga

Ntchito imayamba ndi kubweza kapaipi ka m'kati pakati. Chopotokolera chimazunguliridwa mofatsa mpaka pamapeto, osakakamiza, kenako makiliki amawerengedwa kufika mbali inayo, n'kubwerera theka lake. Pa sikopu ya 60 MOA yokhala ndi kiliki ya 1/4 MOA makiliki amakhala pafupifupi 240, ndipo pakati ndi pa 120. Njira ina ndi kugunditsa mutu wa sikopu pa kalilole m'chipinda chowala, pamene mumaoneka mitanda iwiri, ndipo zopotokolera zimazunguliridwa mpaka mitandayo itasanduka umodzi.

Mabowo a masikuluwu ndi pansi pa maziko papukutidwe kuti pasakhale mafuta, mchenga kapena dzimbiri. Masikuluwu a maziko nthawi zambiri amakhala osiyana utali, ndipo yaitali ikalowa m'bowo lakutsogolo imagunda mpope isanapane maziko, n'kumaoneka ngati yalimba pamene maziko akugwedera, pomwe ikalowa kolakwika kumbuyo imatsekereza mpiringidzo. N'chifukwa chake sikuluwu iliyonse iyesedwe payokha, mpiringidzo n'kuyendetsedwa pambuyo pake. Maziko awiri akamangidwa, lula yachitsulo igonekedwe pamwamba pake, ndipo kuwala kukaoneka pansi pa lulayo ndiye kuti sakufanana.

Theka lapansi la mphete iliyonse likankhidwire kutsogolo mu mpata wake lisanalimbitsidwe, pakuti mfuti ikakankha kumbuyo sikopu imatsalira, n'kumafuna kutsetserekera kutsogolo. Pa maziko a mtundu wa Redfield ndi Leupold, amene mphete yakutsogolo imalowa mopotokola ndipo yakumbuyo imapanidwa ndi masikuluwu awiri a m'mbali, mphete yakutsogolo ipotokoledwe ndi ndodo yolingana ndi paipi, osati ndi sikopu yeniyeniyo, ndipo masikuluwu a m'mbaliwo ndi amene akonze cholakwika chachikulu cha kumanja kapena kumanzere.

Sikopu igonekedwe m'mphete popanda kukakamiza, ndipo mlenje aike mfuti paphewa monga amachitira kutchire, sikopu ili pa kukuza kwake kwakukulu, n'kuisuntha mpaka chithunzi chonse chitadzaza popanda mthunzi m'mbali. Mpata wa pakati pa diso ndi galasi umakhala masentimita 8 mpaka 10, ndipo pa mfuti zokankha kwambiri monga .375 H&H Magnum, imene Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, mpata wochepa umatha kung'amba chikope. Mtanda uwongoledwe poyang'ana chingwe chomangirira mwala cholendewera patali, mfuti itakhala pa levulo, chifukwa mtanda wopendekeka umachititsa kuti kukweza kulikonse kuzisunthiranso chipolopolo pambali. Masikuluwu a pamwamba pa mphete alimbitsidwe mosinthanasinthana kuti mipata ya mbali zonse ifanane, ndipo opanga ambiri amalangiza mphamvu ya 1.7 mpaka 2 Nm, imene ndi yochepa kuposa mmene dzanja lozolowera sipanala ya njinga limaganizira. Kumanga mopitirira kumafinya paipi n'kupana kapaipi ka m'kati.

Kuika pa ziro

1. Mfuti ikhazikidwe pa matumba a mchenga, limodzi pansi pa mtengo wakutsogolo, lina kumbuyo, ndipo mpope weniweniwo usakhudze kanthu. Mpiringidzo utachotsedwa, mlenje asuzumire mu mpope kuchokera kumbuyo mpaka kadontho ka pa chandamale cha mamita 25 kataoneka pakati, kenako, mfuti isanasunthe, ayang'ane m'sikopu ndi kufikitsa mtanda pa kadonthoko. Pa sitepe imeneyi zolembedwa pa zopotokolera zimaoneka ngati zikugwira chambuyo, chifukwa muvi wolozera m'mwamba umanena za chipolopolo, ndipo mtanda umayenda mosemphana nacho. Ngati apa pafunika makiliki oposa theka la mpata wa mbali imodzi, ntchito iime ndipo maziko aunikidwenso chipolopolo chisanawonongeke n'chimodzi chomwe.

2. Chipolopolo choyamba chiwomberedwe pa mamita 25 pa pepala lalikulu. Pa .308 chiyenera kugwera masentimita pafupifupi 2 pansi pa kadontho, ndipo pokonza, makiliki amachulukitsidwa ka 4 poyerekeza ndi a pa mamita 100.

3. Chandamale chisunthidwire pa mamita 100 oyezedwa ndi tepi, ndipo zipolopolo zitatu ziwomberedwe modekha, mtanda uli pa malo amodzi, mpope ukupatsidwa mphindi zingapo kuti uzizire. Chimene chimakonzedwa ndi pakati pa mabowo atatuwo, osati bowo limodzi, pakuti kuthamangitsa bowo lililonse ndi chopotokolera kumangozungulitsa munthu.

4. Mtunda wochokera pakati pa mabowo kufika pa kadontho uyezedwe ndi lula. Ngati mabowo ali masentimita 9 pansi ndi masentimita 5 kumanzere, sikopu ya 0.1 mil imafuna makiliki 9 okwera ndi 5 a kumanja, pamene ya 1/4 MOA imafuna 12 okwera ndi 7 a kumanja, popeza mamilimita 90 kugawa ndi 7.3 ndi 12, ndipo 50 kugawa ndi 7.3 ndi pafupifupi 7.

5. Zipolopolo zina zitatu zitsimikize zimene zakonzedwa, ndipo tsiku, mtundu wa zipolopolo, mtunda ndi chiwerengero cha makiliki otsala mbali iliyonse zilembedwe m'kope losungidwa pamodzi ndi chiphaso.

Ziro ya mamita 100 pa .308 ija imasiya chipolopolo masentimita pafupifupi 12 pansi pa mamita 200, ndi oposa 40 pa mamita 300. Alenje a m'madambo otseguka amakonda kukweza mabowo masentimita 6 pa mamita 100 kuti chipolopolo chizifikira pa mtanda pa mamita 200, pamene a m'tchire lowirira amakhutira ndi ziro ya mamita 100. Mfuti ya .22 imaikidwa pa ziro pa mamita 50.

Chopotokolera chikatha zipolopolo zisanafike

Choyamba kuunika ndi chakuti mphete ndi za msinkhu umodzi ndiponso kuti zakhala pansi penipeni m'mipata yake, kenako kuti maziko akutsogolo ndi akumbuyo sanasinthanitsidwe, kuti kanjanji kopendekeka sikanamangidwe chambuyo, ndi kuti mutu wa sikopu sukugunda mpope. Pambuyo pake chopotokolera cha pambali chiwerengedwe, poti chikakhala chapamapeto ndiye kuti ndi chimene chadya mpata wokwera. Mabowo akamamwazikana popanda dongosolo, vuto si la msinkhu koma la sikuluwu yomasuka, kaya pa mphete, pa maziko kapena pa masikuluwu olumikiza chitsulo cha mfuti ndi mtengo wake.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, cholakwika chingakhale m'mabowo amene anaboola pamsana pa mfuti, zimene zimachitika kawirikawiri pa mfuti zakale za asilikali monga Lee-Enfield .303, zimene zambiri sizinapangidwire sikopu ndipo zinabooledwa pambuyo pake. Mankhwala ake ndi mphete zokhala ndi timapulasitiki ta m'kati tochindikala mbali imodzi, monga za Burris Signature, zimene zimapendeketsa sikopu popanda kuipinda, kapena kachitsulo kopyapyala koikidwa pansi pa maziko: kumbuyo ngati zipolopolo zikugwera pansi, kutsogolo ngati zikupita pamwamba. Kachitsuloko kasaikidwe m'kati mwa mphete, chifukwa kamadinda paipi, ndipo ngati pakufunika kochindikala kuposa 0.3 ya milimita, ntchitoyo ndi ya mmisiri wa mfuti wovomerezeka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo kufunsa mmisiri n'kotsika mtengo kuposa kugula sikopu ina.

Mfuti za mpweya

Mfuti za mpweya zothyola pakati zili ndi khalidwe lakelake, pakuti mpope wake nthawi zambiri umaloza pansi pang'ono poyerekeza ndi msana umene sikopu imakhalapo, ndipo ndi pa mfuti zimenezi pamene chopotokolera chokweza chimatha kawirikawiri. Pali zomangira za chitsulo chimodzi zokwera kumbuyo zimene anapangira vuto limeneli. Komanso sipuling'i ya mfuti zotere imagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo komwe, moti imaononga masikopu amene sanapangidwire kugwedezeka koteroko, ndipo mphete yakumbuyo imafuna kamsomali kolowa m'bowo la pamsana kuti isamatsetsereke.

Kusunga ziro

Ziro ndi ya mtundu umodzi wa zipolopolo, kotero kuchoka pa 150 grain kupita pa 180 grain, kapena kusintha kampani, kumafuna kuyesanso. Chipolopolo choyamba chotuluka mu mpope wongopakidwa mafuta chimatha kupatuka, ndiye mpope upukutidwe usanapite kutchire. Mfuti ikagwa, ikayenda ulendo wautali pa msewu wa mabampu, kapena ikakhala m'bokosi dzinja lonse chinyezi n'kufufumitsa mtengo wake, iyesedwenso pa pepala isanalozedwe pa chamoyo.

Malo a mtima ndi mapapo a nswala ndi aang'ono ngati mbale ya ndiwo, ndipo mfuti yolakwitsa ndi masentimita 15 imathyola mwendo kapena kuboola mimba, nyama n'kukafera kutali patapita masiku, pamene njati yovulazidwa imasanduka ngozi kwa mlenje ndi kwa anthu a m'midzi yoyandikana. Mwini mfuti aliyense akupemphedwa kuyamba wayeza maziko ndi mphete, kuwerenga makiliki ake, ndi kutsimikiza ziro pa pepala nyengo iliyonse ya ulenje isanayambe.